Kodi Fani ya M'kanyumba ka Wailesi Amaiyatsa Ndani?

FUNSO: Akulu, pansi pa nsanja zachitsulo zimene zaima pamapiri athu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi pamakhala tinyumba tokhoma, ndipo mkatimo mumamveka fani ikulira kanthawi n'kukhalanso chete popanda woigwira. Amaiyatsa ndani, nanga nzeru yake inachokera kuti? Ndine wowerenga wa ku Mponela.

YANKHO: Mwachita bwino, bambo, pakuti safunsa anadya phula. Mafunde a wailesi a VHF ndi UHF amayenda molunjika, osapitirira kwambiri pamene diso lalekeza, kotero kuti munthu wa ku Mvera, atazingidwa ndi zitunda za Dowa, sangamvane bwino ndi mnzake wa kuseri kwa phiri la Ntchisi pokhapokha pamalo okwezeka pataikidwa makina olandira mawu pa funde limodzi ndi kuwaponyanso nthawi yomweyo pa funde lina. Makinawo amatchedwa repeater. Anthu olankhulana pa wailesi mongoikonda, osafunapo phindu, amene kuno kwathu chilolezo amatenga ku MACRA ndipo zizindikiro zawo zimayamba ndi 7Q, amalekanitsa mafunde awiriwo ndi 600 kHz akakhala pa mafunde a mamita 2.

Tsono wailesi ya m'manja imalankhula pang'ono n'kumvetsera nthawi yaitali, ndipo pomvetserapo imazizira. Koma repeater, popeza imabwereza mawu a wofunsa ndi a woyankha omwe, siona mpumulo kufikira onse atatsazikana. Mwa magetsi amene imadya poponya mawu, theka kapena koposa limasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumaunjikana m'matransistor aang'ono kwambiri, amene opanga makina amawamangirira pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zipsepse zambiri kuti mphepo ipeze pogwira. Fani imauzira zipsepsezo monga mayi auzira phala la mwana. Ikapanda kutero, makina amafooka mawu, kenako amapsa, ndipo wokonza ayenera kukwera phiri.

Fani yamagetsi anthu ambiri amati anayamba kuipanga Schuyler Wheeler wa ku America mu 1882, koma kachipangizo komva kutentha ndi kakale koposa faniyo. John Harrison, mmisiri wa mawotchi wa ku England, amene anathera moyo wake pofuna wotchi yosasokera panyanja, anamatiza mkuwa ndi chitsulo kukhala kachingwe kamodzi kaphanthiphanthi; ndipo popeza mkuwa umatalika koposa chitsulo ukatenthedwa, kachingweko kamapindika kutentha kukakwera, n'kuwongokanso kukatsika. Mu 1830 Andrew Ure wa ku Scotland anagwiritsa nzeru yomweyo polamulira kutentha. Ikani kachingwe kotere pakati pa waya wa fani ndi batire, ndipo mwapeza mlonda wosagona amene mukumufunsayo: kakapindika magetsi adutsa, kakawongoka adulidwa. Makina a masiku ano amakonda thermistor, imene imasintha kadutsidwe ka magetsi molingana ndi kutentha. Khalidwe limeneli analiona ndi Michael Faraday mu 1833, ngakhale kuti panapita zaka pafupifupi 100 Samuel Ruben asanalisandutse chinthu chogulitsa mu 1930.

Wina angati, bwanji osangoisiya ikuzungulira usana ndi usiku? Yankho lili pa phiri pomwepo. Kumene mawaya a ESCOM sanafike, kapena kumene magetsi amathimathima, makina amadalira batire ndi sola, ndipo mphamvu iliyonse imene fani yadya usiku wa mu Juni, pamene nkhungu yakuta nkhalango ya Ntchisi ndipo chitsulo chazizira chokha, yalandidwa kwa mawu a mawa. Kuwonjezera apo fani yosapuma imatha msanga pozungulira pake, ndiponso imakokera m'makina fumbi la chilimwe, limene likamatirira pa zipsepse limatsekereza kutentha komwe faniyo inati ichotse.

Ena amalumikiza fani ndi mbali yoponya mawu, kuti iziyamba munthu akangolankhula ndi kupitirirabe mphindi zingapo atatha, chifukwa chitsulo sichizizira pomwe mawu alekera. Njirayi ndi yapafupi, koma ife tiona kuti ili ndi chilema, pakuti masana a mu Okutobala kanyumba kamalata kangathe kutentha koopsa ngakhale palibe wolankhula, fani ili duu. Yabwino koposa ndi ya kachipangizo komata pa chitsulo penipenipo, kokhala ndi malire awiri: kuyatsa, tinene, pa madigiri 45 ndi kuzimitsa pa 35. Malirewo akanakhala amodzi, fani ikanamayaka ndi kuzima kamphindi kalikonse mpaka swichi kutha. Kulira ndi kukhala chete kumene mumamva mukamadutsa ndiko kukwera ndi kutsika kwa kutentha pakati pa malire awiriwa. Ndipo tinyumba ta makampani a mafoni, ngakhale tina tili ndi makina oziziritsa akuluakulu, timatsata lamulo lomweli.