Baisikopo ya Nkhondo ndi Asilikari a ku Zomba

Anthu a ku Mtiya, pamodzi ndi onse okhala m'tsinde mwa phiri la Zomba, aidziwa bwino nsanja ya cikumbutso ca asilikari a K.A.R. imene iri pafupi ndi kampu yao. Ku kampu imeneyo kudacokera amuna ambiri omka ku nkhondo ya 1939 kufikira 1945. Tsono tifuna kukamba za zithunzi zoyenda, zimene makolo ankaziti baisikopo, ndi umo zidamuonera munthu wakuda masiku amenewo.

Baisikopo yopangira anthu akuda idayendako m'Nyasaland caka ca 1935, pamene galimoto ya Major Notcutt ndi Bwana Latham idayendayenda, yotumidwa ndi bungwe la International Missionary Council. Koma nkhondo itabuka, Boma la ku London lidakhazika Colonial Film Unit mu 1939, kuti anthu a m'maiko ake amve za nkhondo monga Boma lifunira. Mkulu wake anali William Sellers, amene kale anali wa za umoyo ku Nigeria.

Zithunzizo zinali zochipa ndithu: zazifupi, zambiri zosalankhula, womasulira naimirira pambali kufotokoza. Umphawi wake sitiudandaula, pakuti inali nthawi ya nkhondo. Cimene citipweteka ndi ciphunzitso ca Sellers. Iye anakhulupira kuti maso ndi nzeru za munthu wa m'Africa sizithamanga. Cifukwa cace analamula kuti cithunzi ciziyenda pang'onopang'ono, makina ojambulira asatembenuke, ndipo nkhani isadumphe. Azungu ankasimbirana nthano ya anthu amene, ataonetsedwa cithunzi ca ukhondo, sadaone kanthu koma nkhuku yodutsa m'mphepete. Ife tikuti, munthu woona nkhuku imene wojambula mwini sadaione, kodi ameneyo ndiye wamaso ofooka? Inu owerenga weruzani. Cina mwa zoyamba, Mr English at Home ca 1940, cidangoonetsa banja la mmisiri wa matabwa ku England likudzuka, kusamba ndi kudya, kuti wakuda apenye ndi kusirira.

M'mene anthu a kumudzi ankaonetsedwa zotere ngati ana, abale ao anali kutali. Adagwira nkhondo ndi Ataliana ku Moyale mu 1940 ndi ku Abyssinia mu 1941. Adaoloka nyanja kumka ku Madagascar mu 1942. Ndipo mu 1944, m'gulu la 11th East African Division, adatsika cigwa ca Kabaw ku Burma pakati pa dzinja, m'matope ndi malungo, mpaka kufika ku mtsinje wa Chindwin. Ena a iwo ankayendetsa malole, ena ankatumiza mau pa waya. Amenewa ndiwo aja adanenedwa kuti sangathe kutsata cithunzi cofulumira!

Nanga zithunzi za ndalama zambiri? Caka ca 1945 a Warner Brothers ku America adaturutsa Objective, Burma!, cojambulidwa ku California, m'mene Errol Flynn ndi anzace ocepa agonjetsa Ajapani, amene acitidwa mwano ngati si anthu. Msilikari wa kuno mulibemo. Ku London anthu adakwiya, ndipo cidacotsedwa patangopita ngati sabata imodzi. Koma mkwiyo wa nyuzipepala unali wakuti cidanyoza asilikari a Britain powaiwala. Cidabwerako mu 1952, ataikapo mau opepesa poyamba pace.