Mafunso ndi Mayankho: Kodi makina opanda manja adayamba bwanji kuimba ng'oma?

Mafunso a sabata ino achokera kwa wowerenga wina amene amapanga nyimbo pa kompyuta. Akuti adaona pa intaneti bokosi lodzaza mawaya likugunda lokha ngati gulu la ng'oma, mwini wake atangoima pambali n'kumapotokola timabatani.

Funso: Bokosi limeneli n'chiyani, nanga lidachokera kuti?

Yankho: Imeneyo ndi modular synthesizer, makina opanga mawu a nyimbo ndi magetsi. Kiyibodi wamba imabwera zonse zili zolumikiza kale mkati, koma makina awa ndi timabokosi tosiyanasiyana totchedwa ma module. Kena kamatulutsa liwu, kena kamalisefa, kena kamalitsegula ndi kulitseka, ndipo woimba ndiye amatilumikiza ndi mawaya monga akufunira.

Anthu awiri a ku America, Robert Moog wa ku New York ndi Don Buchla wa ku California, adapanga makina otere aliyense payekha m'zaka za m'ma 1960. Moog adaonetsa ake mu 1964 ndipo adawaikira kiyibodi yonga ya piyano. Buchla, yemwe ankapangira oimba a ku San Francisco Tape Music Center, kiyibodi yotere sadaifune. Adaikamo sequencer, kachipangizo koyenda sitepe ndi sitepe, ndipo pa makina akewo ndi pamene Morton Subotnick adapangira chimbale cha Silver Apples of the Moon mu 1967. Mabokosi ambiri amene mukuwaona lero ndi a mtundu wa Eurorack, umene adauyambitsa Dieter Doepfer wa ku Germany chapakati pa zaka za m'ma 1990.

Funso: Ndamva kuti mumakhala wotchi. Imagwira ntchito yanji?

Yankho: Kabokosi kotchedwa clock kamangoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mobwerezabwereza pa liwiro limodzi. Pa Eurorack magetsiwo amakwera kuchoka pa 0 kufika pa mavoti 5 kapena kupitirirapo, n'kutsikanso. Pakokha sikamveka. Koma mukakoka waya kuchoka pamenepo kupita pa kabokosi ka ng'oma, magetsi akangokwera ng'oma ija imalira. Kugunda kwakufupi kwambiri oimba amati trigger, kumene kumakhalitsa amati gate.

Kholo la wotchi imeneyi ndi metronome, kachida kogwedeza ndodo uku ndi uku kamene Dietrich Winkel adapanga ku Amsterdam, ndipo Johann Maelzel adakalembetsa m'dzina lake mu 1815. Metronome imangokumbutsa munthu liwiro, ndipo munthuyo akhoza kuimvera kapena kuinyalanyaza. Makina sanyalanyaza. Pojambula nyimbo ya Donna Summer ya I Feel Love ku Munich, yomwe idatuluka mu 1977, Giorgio Moroder ndi anzake adayamba ajambula kugunda kotere pa tepi, n'kumayendetsera makina a Moog, kotero zigawo zimene ankajambula pachokhapachokha zidagwirana ndendende. MIDI, njira yolumikizitsa makina a nyimbo, itabwera mu 1983, makampani adagwirizana kuti wotchi izigunda ka 24 pa biti iliyonse. Nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi ndiye kuti wotchi yake ikugunda ka 48 pa sekondi.

Funso: Koma kugunda kofananako si kotopetsa? Kukoma kumachokera pati?

Yankho: Kumayambira pa kugawa. Pali kabokosi kotchedwa clock divider kamene ntchito yake ndi kuwerenga. Mukakaika pa 4, kamalandira kugunda kanayi n'kutulutsa kamodzi. Ka Doepfer kotchuka, A-160, kamagawa ndi 2, 4, 8 mpaka 64. Nzeru yake ndi yakale kuposa makina oimbira: mu 1918 akatswiri awiri a ku Britain, William Eccles ndi Frank Jordan, adalembetsa njira yolumikizira magetsi imene pano imatchedwa flip-flop. Ukaigunda koyamba imayaka, ukaigundanso imazima, choncho imagawa ndi 2. Ukandandika zingapo, iliyonse imagawanso zimene yalandira kwa inzake.

Maganizo oimba nyimbo ndi manambala otere adaonekera kale mu 1931, pamene Leon Theremin adamupangira wopeka nyimbo Henry Cowell makina otchedwa Rhythmicon. Ankayendera zimbale zozungulira zobooledwa timabowo todutsa kuwala. Batani loyamba linkagunda kamodzi, lachiwiri kawiri pa nthawi yomweyo, lachitatu katatu, mpaka ka 16.

Ukagawa ndi 2, 4 ndi 8 basi, zonse zimagwera pamodzi ngati asilikali pa perete. Zinthu zimayamba kukoma ukaika manambala osagawana bwino, monga 3 ndi 4.

Funso: Nanga logic ikulowa pati?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. George Boole, katswiri wa masamu wobadwira ku Lincoln ku England yemwe ankaphunzitsa ku Cork ku Ireland, adatulutsa buku mu 1854 losonyeza kuti mfundo za zoona ndi zabodza zikhoza kuwerengetsedwa ngati masamu. Mu 1937 Claude Shannon, ali ndi zaka 21 pa sukulu ya MIT, adasonyeza kuti masamu a Boole amagwira ntchito pa maswitchi a magetsi onga amene ankalumikiza matelefoni. Kuyaka ndiye inde, kuzima ndiye ayi. Makompyuta onse adamangidwa pamenepo, ndipo oimba adangobwereka.

Kabokosi ka logic kamalandira mawaya awiri n'kufunsa funso limodzi. AND imatulutsa magetsi pokhapokha onse awiri atayaka. OR imatulutsa wina aliyense akayaka. XOR imatulutsa akayaka mmodzi yekha, ndipo akayakira limodzi imakhala chete. NOT imalandira waya umodzi n'kutembenuza: poyaka pazime, pozima payake.

Tengani pensulo, mulembe manambala kuyambira 1 mpaka 12. Wotchi ikugunda pa nambala iliyonse. Wogawa ndi 3 agunda pa 1, 4, 7 ndi 10. Wogawa ndi 4 agunda pa 1, 5 ndi 9. Mukawadutsitsa mu AND mumva kamodzi kokha, pa 1, kenako pa 13 pamene zikuyambiranso. Apo ikanipo ng'oma yaikulu. Mu OR mumva pa 1, 4, 5, 7, 9 ndi 10. Yesani kuwomba m'manja pa manambala amenewa mukuwerenga mokweza, mumva kuti pali potsimphina pokoma. XOR ikupatsani zomwezo koma itachotsa 1, ndiye mpata umenewo ng'oma yaikulu ija ilowamo bwino popanda kuwombana ndi inzake.

Kagundidwe kameneka palibe amene wakalemba, ndipo m'makinamo mulibe pamene kasungidwa. Kangobadwa pa kukumana kwa manambala awiri. Mukasintha 4 kukhala 5, zibwerera poyambira pa kugunda kwa 15 kulikonse. Mukaika 5 ndi 7, mudikira 35. Mukasiya ma trigger n'kuika ma gate okhalitsa, amayamba kupsinjana, ndipo manambala omwewo amakupatsani nyimbo ina.

Funso: Ma module ena amalembedwa kuti Euclidean. Kodi Euclid ankaimba?

Yankho: Ayi, Euclid anali wa masamu ku Alexandria, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Adalemba njira yopezera nambala yaikulu imene ingagawe manambala awiri popanda chotsala. Mu 2005 Godfried Toussaint wa pa yunivesite ya McGill ku Montreal adasonyeza kuti njira imeneyi ikagwiritsidwa ntchito pomwaza kugunda molingana momwe zingathekere, imatulutsa kagundidwe kamene anthu akhala akuimba kuyambira kale. Kugunda katatu m'malo asanu ndi atatu kumagwera pa 1, 4 ndi 7, ndipo kumeneko ndiko tresillo ya ku Cuba. Kugunda ka 7 m'malo 12, ukasuntha poyambira, kumafanana ndi kaimbidwe ka belu la Aewe a ku Ghana. Oimba belulo sadadikire Toussaint. Masamu adabwera pambuyo kudzafotokoza zimene manja ankadziwa kale.

Funso: Ine ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Yankho: Ma module enieni ndi okwera mtengo, koma pali pulogalamu yaulere yotchedwa VCV Rack, imene Andrew Belt adatulutsa mu 2017, yoonetsa timabokosi ndi mawaya pa kompyuta. Yambani ndi wotchi imodzi, ogawa awiri, kabokosi kamodzi ka logic ndi mawu a ng'oma atatu. Musaiwale waya wa reset. Wogawa aliyense amakumbukira pamene adalekezera kuwerenga, ndiye mukaimitsa wotchi pakatikati n'kuyambitsanso popanda reset, wina ayambira pa 2 wina pa 3, ndipo biti imene mudaikonda ija isowa. Muzisintha nambala imodzi pa nthawi, mumvetsere mpaka izungulire kawiri, ndipo ikakukomerani jambulani pompo musanakhudze waya wina.