Ukonde wa pansi pa mlatho

Sabata yatha ndinkadutsa pa nyumba ina yosanja yomwe ikumangidwa m'tauni muno. Pamwamba penipeni, pa nsanja ya mabulugama, panali mnyamata akulandira ndowa ya matope, kuphazi patapata, kumutu kulibe kanthu. Ndinaima kaye, mtima uli m'mwamba, ndipo ndinakumbukira mbiri ya mlatho wa Golden Gate ku San Francisco, m'dziko la America.

Ntchito yomanga mlathowu inayamba mu 1933, chuma cha America chitagweratu, anthu akulimbirana ganyu iliyonse. Masiku amenewo omanga milatho ankawerengera kuti pa madola 1 miliyoni alionse ogwiritsidwa ntchito, munthu mmodzi afa. Golden Gate inali ya madola 35 miliyoni. Masamuwo mutha kuwapanga nokha. Imfa inali ngati simenti, yolowa kale m'bajeti.

Injiniya wamkulu, Joseph Strauss, anakana masamu amenewa. Analamula kuti aliyense azivala chisoti cholimba, chopangidwa ndi kampani ya Bullard ya mumzinda womwewo. Kenako, poyamba kuyala msewu wa pamlathowo mu 1936, anamangitsa ukonde waukulu kunsi kwake, wa madola oposa 130,000. Pamalopo pamaomba chimphepo, nkhungu imanyowetsa zitsulo, ndipo kuchoka pamsewu kufika pamadzi ndi mamita oposa 60. Ukondewo unawakha amuna 19. Opulumukawo anadzitcha Halfway to Hell Club, kutanthauza anthu amene anabwerera panjira akupita ku gehena.

Koma musaganize kuti nkhaniyi inatha mokoma. Pa 17 February 1937, nsanja yolemera yomwe panali anthu inamasuka, n'kugwera muukonde, n'kuung'amba. Amuna 12 anagwera m'nyanja, 10 anafa. Pamene mlatho unkatsegulidwa mu May chaka chomwecho, onse omwalira anali 11. Poyerekeza ndi 35 n'ngochepa, inde, koma kawauzeni zimenezo amayi amene mwamuna wawo sanabwerenso kunyumba madzulo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'choti chitetezo chonsechi chinadalira mutu wa bwana mmodzi. Akanakhala wina woumira, bwenzi ukondewo kulibe. Panadutsa zaka zoposa 30 kuti boma la America likhazikitse lamulo lalikulu loteteza ogwira ntchito, mu 1970, lomwe linabala bungwe la OSHA. Kuyambira pamenepo, chomwe chinali chifundo cha bwana chinasanduka ufulu wa wantchito.

Ifenso kuno ku Malawi lamulo tili nalo: Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997. Koma lamulo lili m'buku siliwakha munthu. Pamafunika woyendera malo omanga, kontrakitala wogula zisoti ndi malamba, komanso mmisiri wotha kukana kukwera popanda kuopa kuti mawa amuuza kuti ntchito yatha.

Mnyamata uja ndinamusiya ali pamwamba pomwepo. Pansi pake panali mulu wa njerwa basi.