Galileo ndi Chipangizo Choonera Kutali

M'mawa uliwonse timaona dzuwa likutuluka kuvuma, madzulo likulowa kuzambwe, ndipo nthaka imene taimapo sigwedezeka. Choncho tisafulumire kuwaseka anthu a ku Ulaya amene kwa zaka zoposa 1,000 ankakhulupirira kuti dziko lapansi lili chiimire pakati, ndi kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi ndizo zimalizungulira. Ankatero potsatira Aristotle, mkhalakale pa nzeru wa ku Greece, ndi Ptolemy wa ku Alexandria. M'sukulu zaukachenjede mtsutso ukabuka, aphunzitsi ankathamangira ku mabuku a akuluakulu awiriwa, ndipo zolembedwamo ndizo zinkagamula mlandu.

M'chaka cha 1543 buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland lidanena zosiyana: dzuwa ndilo lili pakati, dziko likulizungulira. Ambiri adangoti ndi masamu chabe othandiza kuwerengera nyengo. Amene adachititsa kuti nkhaniyi itenthe ndi Galileo Galilei, yemwe adabadwira ku Pisa m'dziko la Italy mu 1564, ndipo ankaphunzitsa masamu ku Padua.

Mu 1609 Galileo adamva kuti amisiri a magalasi ku Netherlands apanga chipangizo chokokera pafupi zinthu zakutali. Iye adapanga chakechake, nachikonza mpaka chidafika pokulitsa chinthu pafupifupi maulendo 20. Kenaka adachilozetsa kumwamba. Aristotle adaphunzitsa kuti zakumwamba n'zosalala, zopanda chilema. Koma Galileo adaona kuti mzere wolekanitsa mbali yowala ndi yamdima ya mwezi ndi wokhotakhota, ndipo kumbali yamdimayo kunali timadontho towala. Pano mpamene luso lojambula lidamuthandiza. Iye adakulira ku Florence, mzinda wa akatswiri amene adaphunzira kuonetsa kuya ndi kutalika kwa chinthu pogwiritsa ntchito kuwala ndi mthunzi, ndipo nayenso ankadziwa kujambula. Motero adazindikira kuti timadontho tija ndi nsonga za mapiri zimene dzuwa layamba kuwomba chigwa chikadali mumdima, monga momwe limachitira ndi mapiri athu mbandakucha. Thomas Harriot wa ku England adaauona mwezi womwewo ndi chipangizo chotere miyezi ingapo Galileo asanatero, koma pa chithunzi chake choyamba palibe mapiri.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Januwale 1610 Galileo adakhala usiku ndi usiku akulemba malo a tinyenyezi tinayi tokhala pafupi ndi Jupiter, mpaka adatsimikiza kuti ndi miyezi yozungulira Jupiter-yo. Apa zidaoneka poyera kuti si zonse zakumwamba zimazungulira dziko lathu. Adaonanso kuti mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka. Zimenezi adazifalitsa m'kabuku kosindikizidwa ku Venice mu Malichi chaka chomwecho. Kumapeto kwa chakacho adapeza kuti nthanda, imene Azungu amaitcha Venus, imakula ndi kuchepa ngati mwezi, chinthu chosatheka ngati Ptolemy adalondola.

Chimene chimandidabwitsa ine, monga munthu amene ndidagwira choko zaka zambiri, n'chakuti aphunzitsi ena anzake adakana ngakhale kusuzumiramo m'chipangizocho.

Mu 1616 akuluakulu a Mpingo wa Katolika ku Rome adagamula kuti kunena kuti dziko limayenda n'kutsutsana ndi Malembo, ndipo Galileo adachenjezedwa. Adakhala duu kwa kanthawi. Koma mu 1632 adatulutsa buku lofanizira maganizo a Ptolemy ndi a Copernicus, ndipo adalilemba m'Chitaliyana, chilankhulo cha anthu wamba, osati m'Chilatini cha ophunzira okha. Pamenepa ndiyenera kunena kuti mkuluyu adalinso ndi zolakwa zake. Adali wa lilime lakuthwa. Mfundo imene Papa Urban VIII, yemwe kale adali bwenzi lake, ankaikonda, adaiika m'kamwa mwa Simplicio, mtengambali amene amagonja pa mtsutso uliwonse m'bukumo. Ndiponso umboni umene ankaudalira kwambiri, woti kusefukira ndi kuphwa kwa nyanja kumachitika chifukwa cha kuyenda kwa dziko, udali wolakwika.

Komabe omuweruza sadamutsutse ndi umboni wina woposa wake. Pa 22 Juni 1633, ali ndi zaka 69, adamugwaditsa kuti akane zimene adalemba, ndipo adamulamula kukhala pa ukaidi wosachoka panyumba. Ali kwawo ku Arcetri, pafupi ndi Florence, adalemba buku lina lofotokoza kagwedwe ndi kayendedwe ka zinthu, lozikidwa pa zimene adayesa yekha pogubuduza timipira pathabwa lotsetsereka n'kumayeza nthawi. Bukulo lidasindikizidwa ku Leiden mu 1638, kutali ndi amene adamuletsa, iye atachita kale khungu. Adamwalira mu 1642.

Pa maziko ameneŵa Isaac Newton adamangapo malamulo ake a kayendedwe ka zinthu mu 1687. Mu 1992, patatha zaka 359 chigamulidwire mlandu uja, Papa John Paul II adavomereza poyera kuti oweruza Galileo adalakwa.