ZINTHU ZISANU ZA AHINDU NDI MIZIMU YACE

Lero ndikuuzani mbiri ya ku India, kwao kwa Amwenye. Ena mwa Amwenye amene mumawaona ku Limbe ali a cipembedzo ca Cihindu, ndipo makolo ao analinso anthu a khasu ndi ng'ombe monga ife.

Zaka zoposa 3,000 zapitazo anthu amenewa anapeka nyimbo 1,028 zocedwa Rig Veda. M'nyimbozo moto, mphepo ndi nthaka sizinali zinthu wamba ai, koma milungu yamoyo. Moto anaucha Agni, amene amanyamula nsembe kunka nazo kumwamba. Mphepo anaicha Vayu. Nthaka anaicha Prithvi, ndipo anati ndiye mai wao.

Patapita zaka mazana ambiri, aphunzitsi ao anawerenga zinthu zisanu zimene zimapanga zonse za pansi pano. Buku la Taittiriya Upanishad limazindandalika motere: mlengalenga unabala mphepo, mphepo inabala moto, moto unabala madzi, madzi anabala nthaka. Tsono m'nthaka munaturuka zomera, m'zomera cakudya, ndi m'cakudya munthu. Mwamva kodi? Munthu anamuika pa mapeto, pambuyo pa munda.

Zisanuzi amazicha bhuta, ndipo mau omwewo amatanthauzanso mzimu. Munthu akamwalira, Ahindu ambiri amatentha mtembo ndi kumwaza phulusa mu mtsinje, monga wa Ganges, kuti thupi libwerere ku zisanu zija. Koma amene anafa imfa yoipa, kapena amene mwambo wa maliro ace sunacitike, amati mzimu wace umangoyendayenda ndi kubvuta amoyo.

Cikhulupiriro cimeneci cinafika ndi m'munda momwe. M'cigawo ca Odisha muli cikondwerero ca Raja, ca m'mwezi wa June mvula ikamayamba. Masiku atatu salima, sakumba, kuti Mai Nthaka apumule asanalandire mbeu.

Sindikuti mutsate cipembedzo cao. Yense ali ndi cace. Koma taganizani, inu amene mumagawa minda ndi inu amene mumailima: nthaka ikakokoloka ndi madzi, ndiye kuti nsima ya ana anu yapita. Anthu a kutali aja anacizindikira cimeneci kale lomwe.

Tsalani bwino.