Ulendo wa Mtengo wa Mango, ndi Luso Limene Linatsala M'njira

Munthu woyenda m'thengo la kum'mawa kwa Zambia akaona mitengo ya mango itaima yokha pakati pa misuku ndi miombo, adziwa msanga kuti wafika pa bwinja. Nyumba zinagwa kalekale, eni ace anasamuka kapena anagona kumanda, koma mango atsala kucitira umboni kuti pamenepo panali mudzi. Cifukwa ca ici ana a sukulu ambiri ayesa kuti mtengowu ndi wa makolo monga mkuyu kapena mlambe. Si tero ai. Mango ndi mlendo, ndipo mlendoyo anafika ndi zipatso zace zokha. Luso la kumsamala linatsala m'njira.

Kwao kwa mango ndi kumpoto ca kum'mawa kwa India ndi ku Burma. Amwenye anayamba kuwabzala zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mafumu ao anawalemekeza kwambiri. Mfumu Akbar, imene inalamulira kuyambira 1556 kufikira 1605, inabzalitsa munda wa mitengo 100,000 ku Darbhanga.

Kucokera kumeneko mango analowa m'Afrika ndi njira ziwiri, ndipo maina ace awiri asunga mbiri ya njirazo. Njira yoyamba inali ya zombo za Aluya, zimene zinkaoloka nyanja ya mcere potsata mphepo ya pa nyengo yace. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, atafika ku Mogadishu m'caka ca 1331, anapeza anthu alikudya mango pamodzi ndi mpunga. Aswahili anacha cipatsoco embe. Pamene malonda a minyanga ya njobvu ndi akapolo anakula, aulendo ao anafika naco kufikira ku nyanja ya Tanganyika, kotero kuti Stanley anakomana ndi Livingstone ku Ujiji mu 1871 patsinde pa mtengo wa mango. Dzina la yembe, limene limveka pakati pa Ababemba ndi Ayao, ndilo phazi la aulendo amenewo.

Njira yaciwiri inali ya Apwitikizi. Vasco da Gama anakoceza ku Calicut mu 1498, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja imeneyo ndiwo anaphunzitsa Apwitikizi mau akuti manga. Mu 1510 analanda mzinda wa Goa, ndipo patapita zaka monga 20 anayamba kukhazikika ku Sena ndi ku Tete. Amalonda a ku Goa anakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Zumbo, pa mathiriro a Luangwa. Cotero mau akuti manga kapena mango anadzera kumwera, monga yembe anadzera kumpoto.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Goa alimi anali kumezanitsa mitengo, ndiko kulumikiza nthambi ya mtengo wobala bwino pa tsinde la mtengo wina; mango ochuka a Alphonso, ochedwa dzina la Afonso de Albuquerque amene analanda Goa, asungidwa mwa njira imeneyi kufikira lero. Koma kamtengo komezanitsa sikapirira ulendo wa miyezi pamutu pa wamtengatenga. Cimene cinayenda ndi njere: munthu adya, nataya pambali pa njira kapena kuseri kwa nyumba, mvula nicita zotsala. Ndiponso m'buku lao la 1865 la ulendo wa pa Zambezi, David ndi Charles Livingstone anasimba kuti anthu a ku Tete anali kuopa kubzala mango, poganiza kuti wobzalayo adzafa msanga. Mwina mantha amenewa anabadwa cifukwa mtengo wa njere ucedwa kubala, ndipo nkhalamba yobzala kawirikawiri sinalawe zipatso zace. Mtengo umene munthu aopa kuubzala, nanga adzalimba mtima bwanji kuuika mpeni?

Zotsatira zace zioneka m'midzi yonse. Mtengo wosadulira uthamangira kumwamba, nufika mamita 20 kapena kuposa. Mango abala pa nsonga za nthambi, kumene kuli dzuwa. M'kati mwa mtengo wotere muli mdima, ndipo zipatso ziri kutali ndi dzanja. Ana azigenda ndi miyala, zina nizigwa zosakhwima. Olimba mtima akwera, ndipo mphunzitsi ali yense wa kumudzi adziwa kuti mwezi wa December ndiwo mwezi wa manja othyoka. Zipatso zogwa zokha ziphulika, zivunda pansi, nizisanduka cisa ca nchenche zimene mphutsi zace zidzaononga zinzace. Mudzi ukhuta milungu yowerengeka, zambiri nizitayika.

Luso lotsalalo linafika mocedwa, ndipo linazungulira njira yaitali. Mango a ku India anatengedwa kunka ku Florida m'dziko la Amerika, kumene njere yobzalidwa mu 1902 inabala mtundu wa Haden. Pambuyo pace panaoneka Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, mitundu imene alangizi a zaulimi anaifikitsa m'maiko a Afrika iri yomezanitsa. Pamodzi ndi iyo panafika ciphunzitso cakuti mtengo wa mango uumbidwa uli waung'ono, m'zaka zace zitatu zoyamba.

Kacitidwe kace si kobvuta, ndipo kathandiza ngakhale pa mtengo wa njere. Kamtengo kakafika m'cuuno mwa munthu wamkulu, ndiko kunena mita imodzi, mwini adula nsonga yace ndi mpeni wakuthwa ndi woyera. Malo odulapo ndi ofunika. Pa tsinde la mango pali mfundo pamene masamba aunjikana mozungulira. Wodula pamwamba peni peni pa mfundoyo adzaona mphukira zambiri zituruka malo amodzi, ndipo nthambi zotere zing'aluka zikalemedwa. Wodula pansi pa mfundo apeza mphukira zotalikirana. Mwa izo asankha zitatu kapena zinai zoloza mbali zosiyana, nacotsa zotsala. Nthambi zosankhidwazo zikatalika monga theka la mita, nazonso azidula nsonga, kuti iri yonse ibale zina ziwiri kapena zitatu. Akabwereza cotero kawiri kapena katatu, mtengo utambasuka m'malo mwa kutalika, nukhala ndi nsonga zambiri. Ndipo popeza maluwa aturuka pa nsonga, kucuruka kwa nsonga ndiko kucuruka kwa mango.

Pali cinthu cimodzi cimene ciwawa mtima wa mwini mtengo. Kamtengo komezanitsa kafulumira kucita maluwa, nthawi zina m'caka cace coyamba. Maluwa amenewo ayenera kuthotholedwa kufikira thunthu litalimba, pakuti zipatso zoyamba msanga zipinimbiritsa mtengo. Ambiri alephera pomwepa, ndipo sangatsutsidwe kwambiri, pakuti ndani sakhumba kulawa? Mphukira zonse zoturuka pansi pa cilumikizo nazonso zicotsedwa, cifukwa ndi za tsinde lija la njere, ndipo zikalekedwa zigonjetsa nthambi yabwinoyo.

Mtengo ukayamba kubala, nchito icepa. Akatha kuchera zipatso, m'January kapena February, mwini asankha tsiku lopanda mvula, nacotsa nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati, nafupikitsa zothamangira kumwamba kuti mtengo usapitirire mamita 4. Kudulira m'July kapena August, pamene maluwa alikuturuka, ndiko kutaya zokolola za caka cimeneco. Utomoni wa mango uocha khungu ndipo uwawa m'maso, cotero ana othandiza pa munda wa sukulu aimirire pambali pamene nthambi irikudulidwa, ndipo asambe m'manja ndi sopo nchito ikatha.