Sipeya ya mawa: mmene Lilongwe yaphunzirira kulosera kuwonongeka kwa magalimoto

Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, kudziwa masipeya oyenera kusunga sikunali kovuta. Mitundu ya magalimoto inali yowerengeka: ma Land Rover, ma Peugeot 404 ndi 504, malole a Bedford. Ambiri anali a boma, osamalidwa ndi bungwe la boma la PVHO, kapena a makampani, ndipo ankagulidwa atsopano kwa ogulitsa monga Mandala ndi Stansfield Motors. Wosunga katundu ankadziwa zaka za galimoto iliyonse ndi mtunda umene yayenda. Akaona pa khadi lolembapo katundu kuti mapadi a mabuleki atsala ochepa, ankaitanitsa ena, podziwa kuti sitima ya ku Beira kapena Nacala iwabweretsa.

Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji ziwirizi m'zaka za m'ma 1980, katundu anayamba kuzungulira pamsewu kuchokera ku Durban. Apa ndi pomwe panaonekera mfundo imene ndikuikhulupirira: kwa ife, funso lalikulu si lakuti chitsulo chidzatha liti, koma lakuti cholowa m'malo mwake chidzatenga masabata angati kuti chifike. Chaka cha 1994, kwacha itasiyidwa kuti msika uziipatsa mtengo, malonda anatseguka, ndipo pang'onopang'ono magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan anayamba kulowa kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam. Mzinda unagawika pawiri. Ma Land Cruiser a akazembe ndi mabungwe a ku City Centre, ndi ma Prado ogona ku Area 10 ndi Area 43, anapitiriza kupita kugalaja ndi buku lawo la sevisi. Ma Vitz, ma Sienta ndi maminibasi anatsikira ku Old Town, kumene m'timashopu ta ku Malangalanga masipeya atsopano amagona shelefu imodzi ndi ochotsa pa magalimoto ophwasulidwa. Khadi lija linazimirira, nzeru yonse inasamukira m'mutu mwa wogulitsa.

Kunja, akatswiri anali atayamba kale kuikonza nkhaniyi ndi masamu. Waloddi Weibull, wa ku Sweden, anafalitsa mu 1951 njira yowerengera mwayi woti chipangizo chiwonongeke malinga ndi zaka zake, ndipo J. D. Croston mu 1972 anapeza njira yoloserera katundu wogulidwa mwa apo ndi apo, monga giyabokosi imene imatha miyezi osafunsidwa kenako n'kufunidwa ndi anthu atatu sabata imodzi. Masamu onsewa amadalira zolembedwa, ndipo ife timangosowa zolembedwazo basi, poti chidziwitso chokha tili nacho. Makaniko aliyense wa ku Old Town angakuuzeni kuti mvula ikakumba maenje m'misewu, mashokapu ndi mabushi amayenda malonda kuyambira Januwale mpaka Epulo, kuti fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka mafyuluta, kuti batire yotopa imafera m'mawa wozizira wa mu Juni. Kumeneku n'kulosera ndithu, koma kumachoka limodzi ndi mwini wake akasiya ntchito.

Ena amati kulosera n'kutaya nthawi m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa. Ali ndi umboni: kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wamalonda amadikira madola kubanki mosadziwa tsiku lowapeza. Amati bola kugula chilichonse chimene chapezeka, poti chitsulo sichiola ngati kwacha. Koma sipeya nayo imakalamba: mphira umauma, batire imatha mphamvu ili pashelefu, ndipo mtundu wa galimoto ukachoka pamsewu, katundu wake amasanduka ndalama yokwiriridwa. Kampani ya Toyota ku Japan ingathe kusunga zochepa chifukwa opanga masipeya ali pafupi. Wa ku Malangalanga, amene amapeza madola mwakamodzikamodzi ndipo kontena yake imayenda masabata ambiri panyanja ndi pamsewu, akalakwitsa oda imodzi amakhala nyengo yonse ya dzinja akubweza makasitomala. Chomufunika si kompyuta yodula ayi. Kope la sukulu likukwana, lolembamo zimene zagulidwa, komanso, chimene ambiri amaiwala, zimene kasitomala anafunsa n'kubwerera chimanjamanja, mtundu wa galimoto yake ndi mwezi umene anabwera.